Ntchito ya woumba imene anthu saiona

Anthu ambiri amene amandipempha kuti ndiwaphunzitse kuumba amakhala ataonapo kanema wa munthu amene wakhala pa gudumu loumbira, dongo likukwera pakati pa zala zake mpaka kusanduka mtsuko m'mphindi zochepa chabe, ndipo amaganiza kuti tsiku la woumba limayamba ndi kutha motero. Ine ndakhala ndikuumba ndi kugulitsa zoumba zanga kwa zaka zambiri, ndipo nthawi imene manja anga amakhala akupatsa dongo maonekedwe ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi imene ndimathera kukonza dongolo, kuyang'anira zoumba pamene zikuuma, kuzilongedza m'ng'anjo, kulondera moto ndi kulemba zimene zatuluka. Ndikulembera inu amene mukufuna kuti kuumba kukhale ntchito yanu yeniyeni, chifukwa ndaona anthu a manja aluso akugwa mphwayi n'kusiya pamene zoumba zawo zinkangosweka kapena kutuluka zosiyana ndi zimene ankayembekezera, ndipo panalibe wowauza kuti mbali yaikulu ya luso ili m'ntchito zimene kanemayo saonetsa.

Amayi amene anandiphunzitsa sanandipatse mpata woumba chinthu chogulitsa kwa nthawi yaitali ndithu. Ntchito yanga inali kukonza dongo. Ndinkaliyanika mpaka liume gwaa, n'kuliphwanya, kenako n'kuliviika m'madzi, pakuti dongo louma kwambiri limasungunuka lokha msanga pamene lachinyontho limangokhala zibuma m'madzimo. Likasungunuka ndinkalisefa kuti mizu, timiyala ndi zinyalala zitsale, n'kulikhuthulira pa nsalu kapena pa thabwa la pulasitala kuti madzi achepe, ndipo likafika poti silikumatanso m'manja ndinkalikanda. Iwo ankadula ndi waya chibuma chimene ndakanda n'kuyang'ana mkati mwake, ndipo akaona timabowo ta mpweya kapena mizere yosonyeza kuti pena n'pofewa pena n'polimba, ankandibwezera osanena zambiri. Dongo losakandika bwino limavuta pa gudumu, chifukwa mbali yofewa imathamangira kutambasuka pamene yolimba ikukana, ndiye khoma la mbiya limakwera lopendekera ngakhale manja atakhala okhazikika motani. Ophunzira ambiri amauzidwa kuti timabowo ta mpweya ndi timene timaphulitsa mbiya pamoto, koma amayi aja ankatsutsa zimenezi, ndipo ine ndatsimikiza kuti ankanena zoona: chimene chimaphulitsa ndi madzi otsalira m'dongo, pamene timabowo timangosokoneza poumba ndi kufooketsa khoma.

Masiku ano ndikapeza dongo latsopano, kaya ndakumba ndekha kaya ndagula lokonzakonza m'matumba, sindiumba nalo kanthu ndisanaliyese. Ndimapota kachingwe ka dongo kokula ngati chala n'kukapinda. Kakang'aluka popindapo ndimadziwa kuti dongolo lili ndi mchenga wochuluka ndipo lidzavuta kulikoka, koma kakapindika bwinobwino kali kosalala kwambiri ndimadziwa kuti lidzaumbika mosavuta koma lidzachepa kwambiri pouma. Kenako ndimapanga timatabwa ta dongo tochepa, ndipo pa kalikonse ndimalemba mzere wotalika masentimita 10. Mzerewo ndimauyeza kathabwa kakauma, n'kuuyezanso kakatuluka m'ng'anjo. Madongo ambiri amachepa ndi magawo 10 mpaka 15 pa 100 alionse kuchokera pamene aumbidwa kufikira pamene apsa komaliza, ndipo woumba amene sadziwa nambala ya dongo lake sangalonjeze wogula mbale ya mlingo wakutiwakuti, kapena kuumbanso chivundikiro cha mtsuko umene unapsa kale. Kuyesa komaliza ndi kwa madzi: kathabwa kakapsa ndimakaika pa sikelo, ndimakawiritsa m'madzi kwa maola angapo, ndimakapukuta n'kukayezanso. Kulemera kumene kwaonjezekako ndi madzi amene dongo lamwa, ndipo kumandiuza ngati dongolo lalimba mokwanira pa moto umene ndalipatsa kapena likufuna woposerapo.

Pali dongo lina lofiira limene ndinalikonda kwambiri chifukwa linkamvera manja ndipo linkapsa ndi mtundu wokongola. Zoumba zake zinatuluka m'ng'anjo zili bwinobwino, koma patapita milungu ingapo zinayamba kuthothoka tizidutswa pakhoma, ndipo pansi pa malo alionse othothoka panali kadontho koyera. M'dongomo munali timiyala ta laimu. Moto ukapitirira madigiri 800 kapena 900, timiyala timeneti timasanduka laimu wopsa, amene pambuyo pake amayamwa chinyontho cha mumpweya, amafufuma n'kukankha kachidutswa ka khoma kamene kali pamwamba pake. Vutoli n'loipa chifukwa limadzaonekera katundu ali kale m'nyumba ya wogula. Kuyambira pamenepo ndimadonthetsera viniga pa timiyala timene tatsala pa sefa. Tikachita thovu ndimadziwa kuti muli laimu, ndiye dongolo ndimalisefa pa sefa wa maso ang'onoang'ono kwambiri kapena ndimangolisiya. Dongo losalala mopitirira, limene limang'aluka pouma, ndimalisakaniza ndi mapale osinja, pakuti dongo limene linapsa kale silichepanso ndipo limatsegula njira yoti madzi azituluka mofanana.

Za kaumbidwe kenikeni sindinena zambiri, chifukwa zimaphunziridwa ndi manja pafupi ndi munthu wodziwa. Chimene ndikufuna kutsutsa ndi maganizo akuti gudumu ndiye luso lapamwamba ndipo kuumba ndi manja okha n'kwa oyamba kumene. Ladi Kwali wa ku Nigeria anaphunzira kuumba mitsuko ndi manja kwa achibale ake ali mwana, ndipo mu 1954 anakhala mayi woyamba kulowa sukulu ya zoumba imene Michael Cardew, woumba wa ku England, anatsegula ku Abuja wakale, amene tsopano amatchedwa Suleja. Kumeneko anaphunzira gudumu ndi ng'anjo ya moto waukulu, koma mitsuko imene inamutchukitsa kunja ndi imene anapitiriza kuumba ndi manja, n'kuilemba abuluzi, zinkhanira, nsomba ndi mbalame, ndipo lero chithunzi chake chili pa ndalama ya 20 naira. Magdalene Odundo, amene anabadwira ku Nairobi mu 1950 ndipo anakaphunzirako ku Abuja komweko m'zaka za m'ma 1970, amaumba posanjikiza zingwe za dongo, amakulungiza mpaka chiwiya chiwale, ndipo zoumba zake zimasungidwa m'nyumba zazikulu zoonetseramo zaluso. Gudumu limapereka liwiro ndi kufanana kwa katundu, zimene n'zofunika kwa wopanga makapu ndi mbale zambiri, koma limakokera chilichonse ku maonekedwe ozungulira, ndipo woumba ayenera kusankha yekha ngati akufuna zimenezo.

Njira ina iliyonse imene mungasankhe, bwerezani chiwiya chimodzimodzi kambirimbiri musanathamangire china. Amayi aja ankandiumbitsa mbale ya mtundu umodzi tsiku ndi tsiku, ndipo zambiri ankazidula pakati ndi waya zikadali zonyowa kuti tione khoma. Diso limanamizika ndi kunja kwa mbale, koma podulapo pamaonekeratu kuti kumunsi kwatsala dongo lochuluka, pakamwa papyapyala, ndipo pansi pakhuthala kuposa mbali zina zonse. Dongo limene silinapse silitayika, limabwerera m'ndowa, choncho palibe chifukwa choumira mtima ndi chiwiya chimene sichinakhale bwino.

Nthawi youma ndi imene imapha zoumba zambiri, ngakhale mlandu umaponyedwa pa ng'anjo chifukwa ndi kumene ming'alu imadzaonekera. Dongo limachepa pamene madzi akutuluka, ndipo ngati mbali ina ikuuma msanga kuposa inzake, yowumayo imakoka pamene yonyowa ikukana, mpaka penapake pang'ambika. Pakamwa pa mtsuko pamauma pansi pakadali pofewa. Chogwirira cha kapu, chimene mpweya umachizungulira mbali zonse, chimauma kapuyo isanaume n'kudzilekanitsa polumikizira. Mbale yaikulu imene yasiyidwa pa thabwa losayamwa madzi imang'aluka pansi mng'alu wokhotakhota umene woumba aliyense amaudziwa. Ine ndimatembenuza zoumba zikangolimba moti pakamwa sipangaphwanyike, ndimaphimba ndi pulasitiki zonse zimene zalumikizidwa kuti chinyontho chifanane, ndipo sindilola dzuwa kapena mphepo yochokera mbali imodzi kuzifikira. Pali kanthawi kamene dongo limakhala litalimba koma likadali lozizira ndi lakuda ndi chinyontho, ndipo kanthawi kameneka ndi kamene kamalamulira moyo wa woumba. Ndi pamene ndimapala pansi pa mbale, kumata zogwirira, kulemba zokongoletsa ndi kuyamba kukulungiza ndi mwala wosalala. Sikadikira munthu. Ndakanapo maulendo ndi zochitika za abale chifukwa mitsuko inali itafika pamenepa, ndipo amene mukukhala nawo m'nyumba ayenera kumvetsa kuti ndondomeko ya masiku anu idzakhala ikusintha malinga ndi nyengo, kukatentha zonse zimathamanga, kukagwa mvula zonse zimachedwa. Pofuna kudziwa ngati chiwiya chauma mokwanira kulowa m'ng'anjo ndimachigunditsa patsaya. Chikamveka chozizira ndiye kuti madzi akadalimo.

Moto uli ndi masitepe ake, ndipo kuwadziwa kunandichotsera mantha amene ndinali nawo ndi ng'anjo. Pa madigiri 100 madzi otsalira amasanduka nthunzi, imene imafuna malo ochuluka kuposa ka 1,600 poyerekeza ndi madziwo, choncho maola oyamba moto uyenera kukwera pang'onopang'ono kuti nthunzi ipeze potulukira, makamaka pa ziwiya za khoma lokhuthala. Pakati pa madigiri 450 ndi 600 pamatuluka madzi ena amene anali omangika m'kati mwenimweni mwa dongo, ndipo zikatero dongolo lasinthiratu, silingasungunukenso m'madzi. Pa madigiri 573 mchenga wa quartz umene uli m'dongo umafufuma mwadzidzidzi, ndipo ng'anjo ikamazizira umabwerera mwakale pa madigiri omwewo. Apa mpamene mbale zazikulu zimang'aluka ngati mbali ina yafika pa kutenthako inzake isanafike. Zinyalala za zomera ndi zina zotere zimafuna mpweya wokwanira ndi nthawi kuti zipse n'kutuluka, ndipo ng'anjo ikathamangitsidwa pamenepa mkati mwa khoma mumatsala mzere wakuda ndipo chiwiya chimakhala chofooka kapena chimatupa matuza pa moto wachiwiri, umene timachiwotchanso titachipaka chowalitsa. Ziwiya za moto wochepa zimapsa pakati pa madigiri 1,000 ndi 1,150 ndipo zimakhalabe zoyamwa madzi, pamene za moto waukulu zimafika pa 1,200 mpaka 1,300, pomwe dongo limayamba kumatana ngati mwala.

Chida choyezera kutentha chimathandiza, koma sichinena zonse, chifukwa dongo limapsa ndi kutentha pamodzi ndi nthawi imene lakhala pa kutenthako. N'chifukwa chake ndimadalira makoni, timisonga toumbidwa mwapadera timene timapindika pa mlingo wodziwika wa moto. Hermann Seger ndiye anayambitsa makoni amenewa ku Germany mu 1886, ndipo Edward Orton anayamba kupanga ake ku America patapita zaka 10. Ine ndimawaika pamwamba, pakati ndi pansi pa ng'anjo, ndipo anandionetsa kuti ng'anjo yanga imatentha mosiyana kwambiri malo ndi malo. Sindinalimbane nazo kuti ndizifananize. Ndinangophunzira chimene chimakonda malo ati, ndipo tsopano polongedza ndimadziwa kuti chiwiya ichi chikufuna ngodya yotentha, icho chikufuna pansi. Kuzizira nako ndi gawo la kuwotcha. Ng'anjo ikatsegulidwa msanga, mpweya wozizira umang'alula ziwiya zimene zinali zitapsa bwinobwino, ndipo m'madongo ena a moto waukulu muli ngozi ina cha pa madigiri 220, pamene mtundu wina wa silika, chinthu chimene chimapanga mchenga wa quartz uja, umachepa mwadzidzidzi. Sinditsegula chitseko mpaka nditatha kugwira ziwiya ndi dzanja lopanda kanthu.

Mtundu wa chiwiya sudalira dongo lokha koma mpweya umene unali m'ng'anjo. Moto ukakhala ndi mpweya wokwanira, chitsulo cha m'dongo chimapereka kufiira. Mpweya ukachepetsedwa, moto umalanda okosijeni m'dongomo ndipo chitsulo chomwecho chimapereka mtundu wotuwa kapena wakuda, pamene utsi ukulowanso m'khoma. Maria Martinez ndi mwamuna wake Julian a ku San Ildefonso, ku New Mexico, anatchuka kuyambira cha m'ma 1920 ndi ziwiya zakuda bii zokhala ndi zokongoletsa zakudanso, zina zowala zina zosawala, ndipo ankachita zimenezi popanda ng'anjo ya njerwa, pongofotsera moto ndi ndowe zouma kuti utsi utsekeredwe. Ndimatchula zimenezi kwa ophunzira amene amati sangayambe chifukwa alibe ng'anjo yamagetsi. Chimene ayenera kudziwa n'chakuti kuwala kwa chiwiya chokulungiza kumazimiririka moto ukapitirira cha pa madigiri 1,000, choncho ziwiya zotere zimapsa pa moto wochepa, zimakhala zoyamwa madzi, ndipo wogula ayenera kuuzidwa zimenezo.

Chopaka chimene chimasungunuka pamoto n'kusanduka galasi pa chiwiya, chimene oumba timachitcha glaze, ndi chimene chinanditengera nthawi yaitali kuposa china chilichonse. Muli zinthu za mitundu itatu: silika amene amapanga galasilo, zosungunula zimene zimatsitsa kutentha kofunika, pakuti silika payekha amasungunuka cha pa madigiri 1,700, ndi dongo pang'ono limene limagwira galasilo kuti lisayenderere n'kukamata chiwiya pa shelefu. Ine ndinakopeka ndi phulusa la nkhuni, limene oumba a ku China anazindikira zaka zoposa 3,000 zapitazo kuti likagwera pa mbiya m'ng'anjo yotentha kwambiri limasungunuka n'kuwala. Ndinayambira pa muyezo umene oumba ambiri amaudziwa, magawo 40 a phulusa, 40 a mwala wa feldspar ndi 20 a dongo, kenako n'kumasintha chinthu chimodzi chokha pa kuyesa kulikonse. Phulusa la mtengo uliwonse limapereka zake, ndipo lochapa limasiyana ndi losachapa. Madzi a phulusa amayabwa ndi kutentha khungu, choncho valani magolovesi.

Apa mpamene kope linakhala chida changa chachikulu. Kathabwa kalikonse koyesera kamakhala ndi nambala kumbuyo, ndipo m'kope ndimalemba zimene ndinasakaniza, kukhuthala kwa chopakacho, malo amene kanali m'ng'anjo, koni imene inagwa ndi kutalika kwa nthawi yowotcha. Woumba wosalemba amatha kutulutsa mtundu wodabwitsa kamodzi n'kuusakasaka moyo wake wonse osaupezanso, ndipo ndikudziwa anzanga angapo amene ali ndi chiwiya chimodzi chotere pa shelefu chimene amakana kugulitsa chifukwa sadziwa mmene chinabwerera. Josiah Wedgwood, amene ambiri amangomudziwa monga mwini fakitale ku England, analemba m'makope ake mayesero masauzande asanapeze dongo la jasper m'zaka za m'ma 1770. Anthu ena amaona ngati kulemba manambala kumapha mzimu wa luso, koma ine ndimaona kuti kumamasula munthu, chifukwa amene akudziwa kubwereza chimene chinachitika mwangozi ndi amene angathe kuchikankhira patsogolo mwadala.

Pa ziwiya zodyera pali zinthu ziwiri zimene sindinyengerera. Choyamba ndi mtovu, umene umasungunula glaze pa moto wochepa n'kuipatsa kuwala kokopa maso, koma umasungunukira m'zakudya ndi zakumwa zowawasa, ndipo umawononga ubongo wa ana ngakhale utakhala wochepa. Ufa wa glaze umene simukudziwa zimene zilimo musaupake mkati mwa kapu kapena mbale. Chachiwiri ndi timing'alu tambirimbiri timene timaoneka pa galasi pamene galasilo lachepa kwambiri kuposa dongo pozizira. Pa chiwiya chokongoletsera nyumba timing'aluto tikhoza kukhala tokongola, koma pa mbale ya dongo loyamwa madzi timalowetsa chinyontho ndi litsiro. Kuonjezera silika pang'ono m'chopakacho nthawi zambiri kumathetsa vutoli, ndipo ine ndimayesa kapu yatsopano poithira madzi owira itangochoka pozizira, kuti ngati ili yosweka isweke m'manja mwanga.

Thupi la woumba nalo limalipira. Fumbi la dongo louma lili ndi silika wosalala kwambiri amene amakhala nthawi yaitali mumpweya, ndipo akalowa m'mapapo satulukanso. Matenda ake amabwera mwakachetechete patapita zaka. M'chipinda changa choumbira simulowa tsache. Pansi ndi pa matebulo timakolopa ndi madzi, zinyenyeswa timazitola zisanaume, ndipo posakaniza ufa ndimavala masiki yosefa fumbi losalala, osati kansalu wamba. Msana ndi manja zimafuna kusinthasintha ntchito, ndipo ine ndinakweza gudumu langa kuti ndiziumba nditaimirira.

Za kupeza ndalama ndi ntchitoyi, ndinganene kuti oumba ochepa kwambiri amadya ndi ziwiya zoonetsa zokhazokha. Lucie Rie, amene anathawa ku Vienna mu 1938 n'kukakhazikika ku London, anapulumuka m'zaka za nkhondo ndi zotsatira zake popanga mabatani a dongo a zovala, ndipo Hans Coper anayamba kugwira naye ntchito mu 1946 pa mabatani omwewo asanakhale woumba wotchuka payekha. Ine ndili ndi ntchito za mitundu iwiri: makapu ndi mbale za moto waukulu, zimene zimayenda malonda nthawi zonse ndipo zimalipira nkhuni ndi dongo, ndi mitsuko ikuluikulu yokulungiza, imene ndimaumba pang'onopang'ono ndipo imatha kukhala nthawi yaitali isanapeze mwini. Poika mtengo, oyamba kumene amawerengera dongo ndi nthawi ya pa gudumu yokha, n'kuiwala nthawi yokonza dongo, moto, ziwiya zimene zinasweka m'ng'anjo yomweyo, zolongedzera ndi gawo limene wogulitsa m'sitolo amatenga. Wogula akaitanitsa katundu wambiri ndimaumba woposa amene wapempha, ndimapempha ndalama zoyambira, ndipo sinditchula tsiku lomaliza ndisanawerengere nthawi youma ndi mawotchedwe awiri. Zithunzi za pa intaneti zandibweretsera ogula akutali, koma zimakopanso woumba kuti azipanga zimene zimaoneka bwino pa foni, pamene kapu yabwino imadziwika ndi kulemera kwake m'dzanja ndi mmene imakhalira pamlomo.

Funso limene achinyamata amandifunsa kawirikawiri ndi lakuti adzapeza bwanji kaumbidwe kawokawo, kuti munthu akaona chiwiya azidziwa mwini wake. Kwa ine sizinabwere poganiza kapena poyang'ana ntchito za ena. Panali nyengo imene ndinali ndi ndowa zambiri za glaze za mitundu yosiyanasiyana, ndipo tebulo langa pa malo oonetsera linkaoneka ngati la anthu angapo. Powerenganso kope langa ndinaona kuti timatabwa timene ndinkabwererako kawirikawiri tinali ta mtundu umodzi: dongo lokhala ndi chitsulo chambiri, lolembedwa mizere likadali lachinyontho, lopakidwa phulusa mopyapyala. M'mizeremo chopakacho chinkadikha n'kukhala chobiriwira, pamene pa misonga chinkapyapyala n'kulola kufiira kwa dongo kuonekera. Ndinasiya ndowa zina zonse n'kukhala ndi dongo limodzi ndi zopaka ziwiri, ndipo kuyambira pamenepo mafunso anga anasanduka ang'onoang'ono koma akuya: mzere uzame motani, utalikirane bwanji ndi unzake, phewa la mtsuko lipindike pati kuti galasi liime lisanafike pansi. Ogula anayamba kuzindikira ntchito yanga asanatembenuze chiwiya kuti aone chizindikiro. Shoji Hamada wa ku Japan, amene anathandiza woumba mnzake Bernard Leach kumanga malo oumbira ku St Ives, ku England, mu 1920, sankalemba dzina lake pa ziwiya zake zambiri, ndipo ndimamvetsa chifukwa chake, ngakhale ine ndimadinda changa.

Tsiku lotsegula ng'anjo si tsiku loweruza. Munthu amakhala ndi chithunzi m'mutu cha zimene amayembekezera, ndipo chilichonse chosiyana nacho chimaoneka ngati chalakwika. Ndimatulutsa zonse, ndimaziwomba ndi chala kuti ndimve zong'aluka, pakuti chiwiya chabwino chimalira momveka pamene chong'aluka chimangoti phwa, ndimalemba m'kope malo amene chilichonse chinali, kenako ndimazisiya pa shelefu kwa masiku angapo. Zong'aluka ndi zimene galasi lake lili ndi misonga yocheka ndimaziphwanya kuti zisafike m'manja mwa munthu, ndipo zina mwa izo zimasinjidwa n'kubwerera m'dongo. Zimene zangosiyana ndi zimene ndinkafuna ndimaziyang'ananso mtima utakhala pansi, ndipo kangapo konse njira yatsopano ya ntchito yanga yachokera pa chiwiya chimene tsiku loyamba ndikanachitaya.

Pansi pa chiwiya chilichonse, pambali pa chizindikiro changa, ndimadinda kanambala ka mawotchedwe amene chinatulukamo, ndipo pa mawotchedwe alionse ndimasungako chiwiya chimodzi. Zimenezi zimathandiza wogula akabwera patapita zaka kudzafuna makapu ofanana ndi amene anagula kale, ena atasweka. Ndimamupempha kuti andiwerengere nambalayo, ndimatsegula kope, ndipo ndimapeza dongo, muyezo wa chopaka ndi malo a m'ng'anjo. Komabe ndimamuuziratu kuti phulusa la nthawi ija linatha, kuti limene ndili nalo tsopano ndi la mtengo wina, ndipo ndimamutumizira kathabwa koyesera kuti aone mtundu wake asanapereke ndalama.